Kodi Matalala Amachokera Kuti Kunja Kukutentha Chonchi?

Ndagi! Yankhani kuti, "Gize!"

Mwala wa kwathu umagwa kuchokera kumwamba, koma ukaufumbata m'manja umalira misozi mpaka kutheratu. N'chiyani chimenecho? Amene mwati matalala, dziombereni m'manja.

Moni ana inu nonse a mu Chibolya, ndi anzanu a ku Kanyama, John Laing, Misisi, Chawama, Matero, George, Kalingalinga ndi Mtendere muno mu Lusaka. Malume wanu ndabweranso. Senderani pafupi. Nkhani ya lero ndi ya madzi, omwewa amene mumatunga pampopi tsiku ndi tsiku. Madzi ali ndi khalidwe lina lobisika limene ngakhale akuluakulu ambiri salidziwa.

Mukukumbukira mmene kumakhalira mvula ikamayandikira, cha mu November? Kuyambira m'mawa dzuwa limakhala likuswa mtengo. Malata amatentha moti m'nyumba simukhalika, dothi limawotcha mapazi, ndipo mwana aliyense amene wapeza kandalama amathamangira kwa amayi ogulitsa ma ice block. Dzuwa likapendeka, mitambo imayamba kuunjikana, yoyera mbee pamwamba, yakuda bii kunsi. Mphepo imadzutsa fumbi ndi mapepala. Amayi amafuula kuti, "Anulani zovala!" Ku Soweto Market ogulitsa amafunditsa katundu wawo mapulasitiki. Madontho akuluakulu amayamba kugwa, pha, pha, pha. Kenaka padenga pamamveka phokoso lachilendo, ngati munthu akukhuthula wilibala ya miyala pamalata. Matalala!

Mvula ikakata mumatuluka n'kutola timiyala toyera tija. Timazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Tsono funso langa ndi ili: tsiku lotentha chonchi, lomwe ngakhale galu akupumira m'kamwa, ayezi ameneyu wachokera kuti? Kumwambako kuli filiji? Nanga ndani anailumikiza kumagetsi?

Yankho lake tikalipeza kumitambo, koma ulendo wathu uyambira pakantemba.

Botolo lodabwitsa la pakantemba

Ena mwa inu munaonapo izi. Mwatumidwa kukagula botolo la madzi kapena la Fanta. Mwini kantemba watsegula filiji, watulutsa botolo limene linagona kumalo ozizira kwambiri. Mukaliyang'ana, m'katimo muli madzi enieni, akugwedezeka bwinobwino. Koma mukangolitsegula kapena kuligunditsa pathebulo, m'kati mumayamba kuyera. Kuyerako kumathamanga kuchokera kukamwa kwa botolo mpaka pansi, ndipo musanawerenge kufika pa 5, chakumwa chonse chasanduka phala la ayezi. Mukapendeketsa botolo, sichituluka.

Si matsenga ayi, ndiponso mwini kantemba sanakupusitseni. Kusukulu aphunzitsi anakuuzani kuti madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0. Zimenezo n'zoona, koma pali kanthu kena kofunika kuwonjezera. Pa madigiri 0 ndi pamene madzi amakhala okonzeka kuundana. Kukonzeka ndi kuyamba n'zosiyana. Madzi oyera bwino, amene ali phee osasokonezedwa, amatha kupitirira pa 0 n'kutsika mpaka madigiri 5 kapena 10 pansi pa ziro akadali amadzimadzi. Amenewa ndiwo madzi ozizira mopitirira muyeso. Azizira kale mokwanira, chimene akusowa ndi wowayambitsira.

Nyimbo yosowa woyambitsa

Kuti timvetse, tiyeni tilowe m'kati mwa dontho limodzi. Madzi anapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono kwambiri, timene asayansi amatitcha mamolekyu. N'tating'ono moti m'dontho limodzi muli tochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi, kuwirikiza kambirimbiri.

Tiyerekeze kuti mamolekyu ndi ana a sukulu pa nthawi yopuma. Madzi akakhala ofunda, anawo amathamanga uku ndi uku, kugwirana manja n'kutayana, kugundana n'kupitirira. Kukamazizira liwiro limachepa, amayamba kuyenda pang'onopang'ono. Madzi akaundana, ana onse amaima malo amodzi atagwirana manja mwadongosolo, m'timabwalo ta ana 6, tolumikizana ngati zipinda za m'chisa cha njuchi. Dongosolo limenelo ndilo ayezi.

Onani kuti ana oima motambasula manja amadya malo aakulu kuposa ana opanikizana. Ndi mmenenso zilili ndi madzi. Akaundana amafufuma: makapu 100 a madzi amasanduka makapu pafupifupi 109 a ayezi. N'chifukwa chake kapepala ka ice block kamatupa n'kuuma gwa, ndiponso n'chifukwa chake ayezi amayandama pamwamba pa madzi m'malo momira.

Chovuta ndi poyambira. Ana atatu kapena anayi akagwirana kuti ayambe bwalo, anzawo othamanga amawagunda, bwalo lija n'kumwazika. Ena amayesanso pena, nalonso n'kumwazika. Mpaka patapezeka kagulu kokulirapo kamene sikangamwazike, palibe chimene chimachitika. Zili ngati pachinkhoswe, anthu onse nyimbo akuidziwa, manja ali okonzeka kuomba, koma woyambitsa palibe. Ovomera amangoyang'anana. Mayi mmodzi akangoikweza, bwalo lonse limavomera nthawi yomweyo.

Kambewu ka ayezi

Woyambitsa nyimbo ya madzi ndi kanthu kakang'ono kolimba kamene mamolekyu angatsamirepo poyamba dongosolo lawo. Tikatche kambewu ka ayezi. Kangakhale kafumbi kosaoneka ndi maso, kamalo kokandika m'kati mwa chidebe, kapena kachidutswa ka ayezi amene waundana kale. Ayezi ndiye woyambitsa woposa onse, chifukwa dongosolo ali nalo kale, anzake amangotsatira.

Madzi a m'beseni kapena a mu ice block amaundana mosavuta chifukwa ndi ambiri, ndipo m'madzi ambiri simulephera kupezeka kambewu ngakhale kamodzi. Kamodzi komweko n'kokwanira beseni lonse. M'botolo la pakantemba lija munali madzi osefedwa bwino, m'chidebe chosalala, ndiye kambewu kanasowa. Mutaligunditsa kapena kulitsegula, munadzutsa tithovu ndi kugwedezeka zimene zinathandiza mamolekyu oyamba kugwirana, ndipo nyimbo inayambika.

Si fumbi lililonse limene limatha ntchito imeneyi. Mu 2013 asayansi a pa yunivesite ya Leeds ku England anapeza kuti fumbi la mwala wotchedwa feldspar limaposa fumbi la mitundu ina yambiri poyambitsa ayezi m'mitambo. Koma katswiri wodabwitsa kwambiri ndi wamoyo. Ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, ka m'gulu la mabakiteriya, kotchedwa Pseudomonas syringae, kamene kamakhala pamasamba a zomera. M'zaka za m'ma 1970 asayansi a ku America anatulukira kuti kachilomboka kamaundanitsa madzi pa madigiri 2 okha pansi pa ziro. N'chimodzi mwa zifukwa zimene chisanu cha mu June ndi July chimawauira masamba a tomato ndi mbatata m'madimba a kumalo ozizira. Mphepo ikanyamula tizilombo timeneti kupita nato kumwamba, timakayambitsanso ayezi m'mitambo.

Nanga kambewu kakasoweratu? Pamenepo kadontho kamapirira modabwitsa. Kamazizira madigiri 10 pansi pa ziro, 20, 30, kakadali madzi. Kuzizira kukayandikira madigiri 40 pansi pa ziro, mamolekyu amakhala atafookeratu moti amagwirana okha popanda wowayambitsira. Kuzizira kumeneko n'kowirikiza pafupifupi kawiri kwa m'filiji youmitsira nyama, imene kawirikawiri imakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro.

Mmene kadontho kamaundanira

Asayansi anajambula timadontho tikuundana ndi makamera othamanga kwambiri, ndipo anaona kuti zimachitika m'masitepe.

Poyamba, pamalo pamene pali kambewu pamaphuka timasingano ta ayezi. Timasinganoti timachita nthambi ngati mizu ya udzu n'kufalikira kadontho konse, msanga kuposa kuphethira kwa diso.

Chachiwiri n'chimene chimadabwitsa anthu ambiri: madzi akamaundana amatulutsa kutentha. Inde, kutentha! Paja kuti ayezi asungunuke amafunika kulandira kutentha, ngati mmene talala limabera kutentha kwa dzanja lanu. Tsono madzi akamabwerera kukhala ayezi amabweza kutentha komweko. Kutenthako kumafunditsa kadontho mwadzidzidzi mpaka kufika pa madigiri 0, ndipo liwiro lija limathera pomwepo. Madzi amene anali pa madigiri 8 pansi pa ziro, gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndilo limaundana pa kanthawi koyambako. Otsalawo amakhala madzi otsekeredwa pakati pa timasingano. N'chifukwa chake Fanta wa pakantemba uja amasanduka phala lofewa, osati mwala.

Chachitatu chimatenga nthawi. Mphepo yozizira imachotsa kutentha kuja pang'onopang'ono, kuyambira kunja. Kadontho kamavala chigoba cha ayezi ngati dzira, m'kati mukadali madzi. Chigobacho chimanka chikhuthala cholowera m'kati.

Chachinayi ndi mavuto. Mukukumbukira kuti madzi amafufuma akamaundana? Madzi a m'kati aja akufuna malo, koma chigoba chawatsekera. Amakankha, amakankha, mpaka chigoba chimachita mng'alu. Nthawi zina pamatuluka kanyanga, nthawi zina kadontho kamasweka pakati, phwa! n'kumwaza tizidutswa ta ayezi. Kachidutswa kalikonse kamakakhala kambewu ka timadontho tina. Motero kadontho kamodzi kamatha kuyambitsira anzake ambiri, monga muja khala limodzi limayatsira mbaula yonse.

Tikwere kumtambo

Tsopano tabwerera ku funso lathu. Filiji ya kumwamba ili kuti?

Mukamakwera m'mwamba, mpweya umanka uzizira. Pa kilomita iliyonse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. N'chifukwa chake pamwamba pa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, pamakhala ayezi ngakhale kuti lili m'dziko lotentha. Mzinda wa Lusaka uli kale pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kuchokera padenga lanu mu Chibolya, mutakwera makilomita pafupifupi 4, mungafike pamene kuzizira kuli pa madigiri 0, ngakhale pansi pano thukuta lili kamukamu. Mukuidziwa Findeco House, nyumba yaitali ija ya m'tauni? Ndi yotalika mamita 90. Mutasanjikiza nyumba zotero zoposa 40, ina pamwamba pa inzake, ndiye kuti mwafika pakhomo pa filiji ya kumwamba. Koma mtambo wa mabingu suthera pamenepo. Umatha kutalika makilomita 12, 15 kapena kuposa, ndipo kumutu kwake kumazizira kuposa madigiri 50 pansi pa ziro.

Dzuwa likawotcha nthaka, malata ndi misewu, mpweya wotentha umakwera utanyamula nthunzi ya madzi. Kumwambako nthunzi imazizira n'kusanduka timadontho. Timadontho ta mumtambo n'tating'ono zedi. Kuti papangike dontho limodzi la mvula pamafunika timadontho totere pafupifupi 1,000,000. Popeza n'tating'ono chonchi, tambiri timakhala topanda kambewu m'kati. Choncho mphepo ikatikweza kupitirira malo a madigiri 0 aja, sitiundana. Pakati pa mtambo wakuda umene mumauona kuchokera pakhonde, pali dera lotalika makilomita angapo lodzaza ndi madzi ozizira mopitirira muyeso. Ndi botolo la pakantemba lija, koma lalikulu kuposa komboni yonse.

Pakati pa timadontho tosawerengekato, kamodzi mwa apo ndi apo kamakumana ndi kafumbi koyenera n'kuundana. Kuyambira pamenepo kamakula mofulumira m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yakuti ayezi amakoka nthunzi mwamphamvu kuposa madzi, ndiye timadontho toyandikana nako timauma, nthunzi yake n'kukamatirira pa kaayezi kaja. Njira yachiwiri ndi yogundana. Kadontho kozizira mopitirira muyeso kakangokhudza ayezi, kamaundana pomwepo n'kumamatira. Kagunda aka, kagunda ako, mpaka kambewu kaja kasanduka kampira koyera.

Talala limakula ngati anyezi

Kampira kameneka kamafuna kugwa, koma m'kati mwa mtambo wa mabingu muli chimphepo chokwera m'mwamba chimene chimakagwira. Kakamayandama m'menemo kamapitiriza kutola timadontho. Mphepo ikakhala yamphamvu, talala limakhalitsa m'mwamba ndipo limakula kwambiri. Kuti likule ngati dzira la nkhuku pamafunika mphepo yokwera pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola, kuposa minibasi iliyonse ya mu Lumumba Road. Likalemera moti mphepo yalephera kulinyamula, limagwa, ndipo ndi lija mumalimva padenga.

Mukadzatola talala lalikulu, mudzapemphe wamkulu kuti alidule pakati. Mudzaona mizere yozungulira ngati ya anyezi, ina yoyera ngati mkaka, ina yoonekera ngati galasi. Mizereyo ikufotokoza ulendo wa talalalo. Pamene linadutsa malo ozizira kwambiri, timadontho tinkaundana nthawi yomweyo n'kutsekera tithovu ta mpweya, ndipo panatsala mzere woyera. Pamene linadutsa malo a madzi ambiri, madziwo ankayamba ayenderera pamwamba pake n'kuundana pang'onopang'ono, mpweya n'kuthawa, ndipo panatsala mzere woonekera.

Matalala athu ambiri amakhala ngati nandolo kapena nsawawa. Koma kwina amagwa oopsa. Pa 23 July 2010, m'tauni ya Vivian ku South Dakota, m'dziko la America, munagwa talala lotalika masentimita 20 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, pafupifupi ngati mpira wamiyendo. Pa 14 April 1986, ku Gopalganj m'dziko la Bangladesh, kunagwa matalala olemera mpaka kilogalamu imodzi, ndipo anapha anthu ambiri. Ngakhale ang'onoang'ono amang'amba masamba a chimanga, fodya ndi ndiwo zamasamba, mlimi n'kutsala manja ali m'khosi.

Mvula, mphezi ndi ndege

Si ayezi yense wa mumtambo amene amafika pansi ali wolimba. Wambiri amasungunuka m'njira akamadutsa mumpweya wofunda wa kunsi kuno. Madontho akuluakulu ozizira aja amene amayamba kugwa mvula ya mabingu ikamabwera, ambiri anali ayezi mphindi zochepa zapitazo. Choncho mvula imene imameretsa chimanga ku Chongwe ndi ku Chipata, imene imadzaza mtsinje wa Kafue kumene kumachokera madzi ambiri a m'mipopi ya mu Lusaka, mbali yaikulu imayambira pa kambewu kosaoneka ndi maso.

Mphezi nayonso imabadwira momwemo. Timipira ta ayezi tikamagundana ndi timasingano ta ayezi pakati pa madzi ozizira aja, zimapatsirana mphamvu ya magetsi. Mphamvu ya mtundu wina imakwera kumutu kwa mtambo, ya mtundu wina imatsalira kunsi. Ikachulukitsa imadumpha, ng'ani! Kenaka bingu, gugugu!

Oyendetsa ndege amawadziwa bwino madzi ozizira mopitirira muyeso aja ndipo amawaopa. Ndege ikanyamuka pabwalo la Kenneth Kaunda International Airport n'kulowa mumtambo wozizira, timadontho tija timagunda mapiko n'kuundana pomwepo. Ayezi akaunjikana amasintha maonekedwe a phiko, ndege n'kuvutika kuuluka. Pofuna kupewa ngozi, ndege zikuluzikulu zimapititsa mpweya wotentha wochokera ku injini m'mphepete mwa mapiko. Zina zing'onozing'ono zili ndi mphira imene imafufuma ngati chubu cha njinga n'kuswa ayeziyo.

Anthu amene anafunsa mafunso

Zonsezi sizinadziwike tsiku limodzi. Mu 1724 Daniel Gabriel Fahrenheit, katswiri wopanga zipangizo zoyezera kutentha amene ankagwira ntchito ku Amsterdam, analemba zimene zinamudabwitsa. Anatsekera madzi m'timabotolo tagalasi n'kutisiya panja pa nthawi ya chisanu choopsa. Madziwo sanaundane. Koma atatsegula kapena kugwedeza, anaundana iye akuona. N'zomwe zija za pakantemba, zaka 300 zapitazo.

Patapita nthawi, Alfred Wegener wa ku Germany mu 1911, kenaka Tor Bergeron wa ku Sweden ndi Walter Findeisen wa ku Germany m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza mmene ayezi amakulira mumtambo polanda nthunzi ya timadontho. Mu July 1946, ku Schenectady m'dziko la America, Vincent Schaefer anauzira mpweya wa m'kamwa mwake m'bokosi lozizira n'kupanga kamtambo. Ataikamo chibulumwa cha mpweya woundana, chozizira madigiri 78 pansi pa ziro, kamtambo kaja kanadzaza ndi tiayezi tonyezimira. Chaka chomwecho mnzake Bernard Vonnegut anapeza kuti mankhwala otchedwa silver iodide amagwira ntchito ngati kambewu ka ayezi. Kuyambira pamenepo mayiko ena, kuphatikizapo anansi athu a ku Zimbabwe, akhala akutumiza ndege kukamwaza timbewu m'mitambo pofuna kuthandiza mvula. Koma dziwani kuti njirayi siipanga mtambo pamene palibe mtambo. Imangoyambitsa nyimbo pamene ovomera asonkhana kale.

Schaefer ameneyu anasiya sukulu ali mnyamata kuti azigwira ntchito yothandiza makolo ake, ndipo zambiri anaziphunzira mwa kuwerenga, kufunsa ndi kuyesa. Zida zake zoyamba pa nkhaniyi zinali bokosi lozizira, nyali ndi mpweya wa m'kamwa mwake. Mwana wa mu Chibolya amene ali ndi maso ofuna kuona angayambe ndi zochepa chomwechi.

Yesani nokha

Poyamba pemphani chilolezo. Nenani kuti, "Amayi, kodi mungandilole kuika botolo m'filiji mwanu?" Ngati kwanu kulibe filiji, gwirizanani ndi anzanu mupemphe aphunzitsi kapena aneba.

1. Pezani mabotolo atatu apulasitiki a madzi ogula, a theka la lita, osatsegulidwa. Musagwiritse ntchito botolo lagalasi, chifukwa madzi akafufuma limaphulika n'kukuchekani.
2. Agonekeni mbali youmitsira ya filiji, osakhudzana ndi ayezi kapena nyama. Sankhani nthawi imene malaiti alipo.
3. Dikirani maola awiri kapena awiri ndi theka, osagwedeza filiji. Mafiliji amasiyana mphamvu, ndiye muzisuzumira mwakachetechete. Botolo limodzi likaundana, ndiye kuti enawo akonzeka.
4. Tulutsani limene likadali madzi, mosamala ngati mwanyamula dzira.
5. Ligunditseni kamodzi pathebulo, ndipo yang'anitsitsani.
6. Linalo mulitsegule pang'onopang'ono n'kuthira madzi ake pa kachidutswa ka ayezi m'mbale. Mudzaona kachulu koyera kakumera.

Opanda filiji angagule ayezi, kumuphwanya m'beseni n'kuthiramo mchere wambiri, chifukwa mchere umatsitsa kuzizira kwa ayezi kupitirira pa ziro. Kwirirani kabotolo m'menemo kwa theka la ola kapena kuposerapo. Zikakanika ulendo woyamba musataye mtima, mwina kafumbi kanakutsogolerani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani m'kope nthawi imene munadikira ndi zimene munaona, kenaka muyesenso.

Mawu a malume

Pali zinthu zitatu zimene ndikufuna muzisunge pamtima.

Choyamba, matalala akamagwa khalani m'nyumba kapena pansi pa denga lolimba. Mtambo umene umagwetsa matalala ndi womwewo umene umaponya mphezi. Musabisale pansi pa mtengo, ndipo musayandikire mawaya a magetsi amene agwa.

Chachiwiri, matalala otola pansi musadye. Mvula ikagwa kwathu kuno madzi amasefukira, n'kusakanikirana ndi zotuluka m'ngalande ndi m'zimbudzi. Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024, pamene kolera inavuta mu Lusaka, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo National Heroes Stadium inasanduka malo othandizirapo odwala. Talala likagwera m'matope limatola matenda omwewo.

Chachitatu, kuzizira sikutsuka madzi. Tizilombo tambiri timangogona mu ayezi, ayeziyo akasungunuka m'kamwa n'kudzuka. Ngati kwanu mumapanga ma ice block, kumbutsani amayi mwaulemu kuti madzi ake akhale owiritsa kapena othira klorini.

Tsopano yankhani mafunso awa ndi anzanu. Kodi madzi ozizira mopitirira muyeso amasowa chiyani kuti aundane? N'chifukwa chiyani botolo lagalasi limasweka m'filiji? Nanga mizere ya m'kati mwa talala imatiuza chiyani?

Mvula ya matalala ikadzabweranso, mudzakhale pakhonde n'kumvetsera phokoso la pamalata. Ikadzakata ndipo mabingu atapita kutali, mudzatole talala limodzi, mudzalidule, mudzawerenge mizere yake, kenaka mudzasambe m'manja ndi sopo. Mudzafotokozere mng'ono wanu kuti mwala umenewo unayamba ngati kadontho kamene kanazizira osaundana, mpaka kanakumana ndi kambewu kake makilomita ambiri pamwamba pa Chibolya. Ndipo chilichonse chimene chakudabwitsani, kunyumba, kusukulu kapena pakantemba, musachisiye chidutse. Funsani, ana inu, paja safunsa anadya phula.